Chimangirizo cha mtsutso ku koleji: mafunso amene ophunzira amafunsa kawirikawiri

Semesita iliyonse, maasayimenti akayamba kuunjikana, ophunzira a chaka choyamba a ku Yunivesite ya Malawi pa Chirunga ndi ena a ku koleji ya aphunzitsi ya Domasi amandipeza ndi mafunso amodzimodzi okhudza chimangirizo cha mtsutso. Ena amafika atalemba kale masamba asanu koma sakutha kunena chimene akuimira. Ena amafika ndi pepala limene labwerako lili ndi inki yofiira, pansi atalembapo kuti "mbali yako ndi iti?" Mafunsowo ndawasonkhanitsa pano pamodzi ndi mayankho amene ndimapereka. Ambiri a inu mudzalemba m'Chingerezi, koma zitsanzo ndazipereka m'Chichewa dala, chifukwa chimene chimagwetsa ophunzira ambiri ndi kasanjidwe ka maganizo, ndipo kameneko kamaoneka bwino m'chilankhulo chimene munthu amaganizira.

Kodi chimangirizo cha mtsutso n'chiyani kwenikweni?

Ndi chimangirizo chimene mlembi amaima mbali imodzi pa funso lomwe anthu oganiza bwino angasiyanepo maganizo, n'kupereka zifukwa ndi umboni kuti wowerenga agwirizane naye. Mukalemba kuti Zomba inali likulu la dziko lino mpaka 1975, palibe amene angakutsutseni, ndiye palibenso mtsutso. Koma mukalemba kuti kusamutsira likulu ku Lilongwe kunapindulira dziko kuposa mmene kunapwetekera Zomba, mwautsa nkhani. Wina adzavomera, wina adzakana, ndipo ntchito yanu ndi kumukhutiritsa wokanayo.

Amene munakhalapo pabwalo la milandu kwa amfumu zimenezi mukuzidziwa kale. Wodandaula za malire a munda sayamba ndi mbiri ya mudzi wonse. Amanena chimene chamubweretsa, amaloza mtengo wa mango umene agogo ake anadzala pamalirepo, amaitana mboni, ndipo mnzake akayankha iye amayankhanso zomwe zanenedwazo. Akangokweza mawu popanda mboni, nduna za amfumu zimangomuyang'ana. Chimangirizo cha mtsutso ndi bwalo lomwelo, kungoti mboni zanu ndi mabuku, malamulo ndi ziwerengero.

Chikusiyana bwanji ndi chimene tinkalemba pokonzekera mayeso a Fomu 4?

Mafupa ake ndi omwewo: chiyambi, thunthu ndi mathero. Kusiyana kuli pa umboni ndi pa otsutsa. Ku sekondale mumakhala m'chipinda cha mayeso mulibe buku, mfundo mumazitapa m'mutu, ndipo mukandandalika mfundo zisanu kapena zisanu ndi imodzi zomveka mumakhoza. Ku koleji mumapatsidwa masabata, laibulale ili pomwepo, ndiye mfundo iliyonse imafunika kusonyeza komwe yachokera. Komanso kuchuluka kwa mfundo kulibe phindu. Mfundo zitatu zozama zimaposa zisanu ndi zitatu zongotchula n'kudutsa.

Funso langoti "discuss" kapena "to what extent". Kodi ndiyenerabe kusankha mbali?

Inde. Mawu amenewa amasocheretsa ambiri, amaganiza kuti akuuzidwa kungofotokoza ubwino ndi kuipa n'kusiyira pomwepo. Alekichala akalemba "discuss" akufuna muunike mbali zonse kenako muweruze. Akalemba "to what extent" akufuna munene kuti mfundoyo ndi yoona kufikira pati: kwathunthu, kwakukulukulu, pang'ono chabe, kapena m'madera ena okha. Akalemba "do you agree" ndiye palibenso pobisala.

Musanalembe kalikonse, dulani mzere kunsi kwa mawu ofunika a m'funsolo, ndipo mulibwereze m'mawu anuanu kwa mnzanu wa m'kalasi. Ngati simukumvetsabe, pitani ku ofesi ya alekichala mukafunse tsiku lopereka lisanayandikire. Safunsa anadya phula.

Nanga ndikaona kuti mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zomveka?

Zikatero ndiye kuti funsolo ndi labwino ndipo inu mwaliwerenga bwino. Koma musamange nyumba pamphambano. Chimangirizo chimene chimati "mbali iyi ili bwino, inayonso ili bwino, zili kwa munthu kusankha" chimatuluka chonyowa ngati uja anathamangira mapanga awiri.

Gawani pepala pakati. Kumanzere lembani mfundo zovomereza, kumanja zotsutsa, ndipo pambali pa mfundo iliyonse lembani umboni umene mungaupezedi. Mudzaona kuti mfundo zina zimene zimamveka bwino pakamwa zilibe chozichirikiza. Mbali imene yatsala ndi umboni wolemera ndiyo yanu.

Kusankha mbali sikutanthauza kunena "inde" kapena "ayi" wopanda malire. Mukhoza kuima pakuti "inde, koma pokhapokha izi zitachitika", kapena "ayi m'makalasi oyambirira, inde m'makalasi apamwamba". Imeneyonso ndi mbali, bola ikhale yoti wina angaitsutse.

Kodi ndisankhe mbali imene ndikuganiza kuti alekichala amaikonda?

Ayi. Munthu amene akuchonga mapepala zana limodzi kapena kuposa amatopa ndi kuwerenga manotsi ake omwe akumubwerera. Malikisi amachokera pa mmene mwatetezera mbali yanu. Mukatsutsana ndi zimene ananena m'kalasi, chitani mwaulemu, sonyezani kuti munamvetsa mfundo yawo musanaitsutse, ndipo bweretsani umboni. Ine pepala lotere ndimaliwerenga kawiri, chifukwa limasonyeza kuti mwini wake anakhala pansi n'kuganiza.

Amati ndikhale ndi thesis statement. N'chiyani, ndipo ndiilembe bwanji?

Ndi chiganizo cha maziko: chiganizo chimodzi, nthawi zina ziwiri, chonena mbali yanu ndi zifukwa zake zikuluzikulu. Ndiwo mzati wa nyumba yonse, ndipo pano ndikhalapo pang'ono chifukwa zimangirizo zambiri zimafera pomwepa.

Titenge funso limene limabwera kawirikawiri kwa ophunzira zauphunzitsi ndi zazilankhulo: kodi ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'chilankhulo chanji? Nkhaniyi ili ndi mbiri yake. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro unalamula kuti ana a makalasi anayi oyambirira aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo. Kenako lamulo la maphunziro la 2013 linati chilankhulo chophunzitsira chikhale Chingerezi. Ndiye pali poyambira.

Wophunzira wina amalemba kuti: "Chimangirizochi chikamba za chilankhulo chophunzitsira m'sukulu za pulayimale." Uku n'kulengeza mutu chabe, sitinamve chimene mwini wake akuganiza. Wina amalemba kuti: "Chilankhulo n'chofunika kwambiri pa maphunziro." Ndani angakane? Chiganizo chimene aliyense angachivomere sichinganyamule mtsutso. Wachitatu amalemba kuti: "Ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'chilankhulo chimene amalankhula kunyumba, Chingerezi chikhale phunziro palokha, chifukwa mwana amaphunzira kuwerenga msanga m'chilankhulo chimene amachimva kale, aphunzitsi amafotokoza bwino masamu ndi sayansi m'chilankhulo chimene iwo eni ali omasuka nacho, ndipo makolo amatha kuthandiza mwana kunyumba." Apa tsopano pali mbali, pali malire ake, ndipo zifukwa zitatuzo ndizo zidzakhale msana wa thunthu.

Yesani chiganizo chanu motere: chiwerengereni mnzanu, mumufunse ngati munthu wanzeru zake angachitsutse. Akati palibe, bwererani mukachinole. Ndipo musachite mantha kuchisintha mutawerenga zambiri. Nthawi zambiri chiganizo chenicheni chimadzaoneka mutatsiriza kulemba koyamba, ndiye mumabwerera pamwamba n'kukachikonza.

Chiyambi chikhale chotalika bwanji, ndipo ndiyambe ndi chiyani?

Ndime imodzi imakwana pa chimangirizo cha mawu 1,500 kapena 2,000. Onetsani vuto, perekani mbiri yochepa yokwanira kuti wowerenga amvetse chifukwa chake anthu akutsutsana, tanthauzirani liwu limene lingamveke pawiri, kenako ikani chiganizo chanu cha maziko kumapeto kwa ndimeyo.

Pewani kuyambira kutali. "Kuyambira kalekale anthu padziko lonse akhala akulankhula zilankhulo zosiyanasiyana" ndi chiganizo chotaya nthawi. Yambani pafupi ndi nkhani: mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi wa ku Chinamwali amene kunyumba amalankhula Chiyao, pabwalo amasewera m'Chichewa, ndipo lamulo likuti aphunzire masamu m'Chingerezi. Wowerenga waliona vutolo inu musanalitchule n'komwe. Matanthauzo a m'dikishonale muwasiye, pokhapokha ngati mtsutso wanu wagona pa tanthauzo la liwulo.

Umboni ndingaupeze kuti?

Pa nkhani iyi ophunzira a kuno ku Zomba muli ndi mwayi umene anzanu ambiri alibe, kungoti ambiri simuugwiritsa ntchito. Likulu la National Statistical Office lili momwe muno. Ndi amene anachita kalembera wa 2018, amene anapeza kuti m'dziko muno munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo amatulutsanso malipoti a kafukufuku wa moyo wa m'mabanja ndi wa zaumoyo. Ambiri mwa malipotiwa ali pa intaneti kwaulere. National Archives of Malawi ilinso muno, yosunga makalata a boma, nyuzipepala zakale ndi mabuku osindikizidwa m'dziko lino. Wolemba za mbiri yakale amene sanapondeko akudzimana yekha. Ku yunivesite kuli Centre for Social Research ndi Centre for Language Studies, ndipo m'laibulale muli gawo la zolembedwa zokhudza Malawi, momwe mumapezekanso kafukufuku wa ophunzira amene anakutsogolerani.

Pa nkhani za malamulo werengani lamulo lenilenilo kapena chigamulo chenichenicho. Pa MalawiLII, tsamba la pa intaneti la malamulo ndi zigamulo za makhoti, pamapezeka zambiri. Ngati mukulemba za mavoti opitirira theka pa chisankho cha mtsogoleri wa dziko, musadalire zimene munamva mu minibasi. Pezani chigamulo cha khoti cha pa 3 Febuluwale 2020 chimene chinafafaniza chisankho cha 2019, muone chimene oweruza ananena ndi zifukwa zawo. Pa nkhani za m'majenolo a akatswiri yambirani pa Google Scholar, ndipo mufunse ogwira ntchito m'laibulale za majenolo amene sukulu yanu imalipira.

Nyuzipepala monga The Nation ndi The Daily Times ndi zothandiza posonyeza zimene zinachitika ndi zimene akuluakulu ananena. Koma nkhani ya maganizo a mlembi wa m'nyuzipepala ndi maganizo basi, siilowa m'malo mwa kafukufuku. Zapa WhatsApp ndi Facebook zopanda mwini musaziike n'komwe. Pa gwero lililonse dzifunseni kuti walemba ndani, liti, anazidziwa bwanji, ndipo akupindulapo chiyani mukamukhulupirira.

Zimene ndinaona ndekha kwathu, kapena miyambi ndi mavesi, ndi umboni?

Zimene munaona ndi maso anu zili ndi malo ake. Ngati bambo anu ndi msodzi ku Kachulu pa nyanja ya Chilwa ndipo mukulemba za nyengo yotseka nyanja, mukudziwa zinthu zimene wolemba lipoti ku Lilongwe sadziwa: ngongole zimene mabanja amatenga miyezi imeneyo, mtengo wa matemba mumsika wa Zomba, mmene anthu amazembera usiku. Zimenezi zimapatsa moyo chimangirizo. Koma banja limodzi si nyanja yonse. Gwiritsani ntchito chimene munaona ngati chitsanzo, kenako chichirikizeni ndi kafukufuku wokhudza anthu ambiri. Ndipo musatchule maina a anthu amene sanakupatseni chilolezo.

Mwambi umakometsa nkhani koma sutsimikiza kanthu, pakuti pafupifupi mwambi uliwonse uli ndi unzake woutsutsa. Vesi la m'Baibulo kapena la m'Korani ndi umboni pamene funso likukhudza zimene chipembedzocho chimaphunzitsa, monga mmene zimakhalira kwa ophunzira zaumulungu. Koma pa funso la ndondomeko ya boma, wowerenga amene sali wa chikhulupiriro chanu safunika kuvomera chifukwa cha vesi. Mupatseni chifukwa chimene iyenso angachiyese.

Ndime za m'thunthu ndizimange bwanji?

Ndime imodzi, mfundo imodzi. Chiganizo choyamba chinene mfundoyo. Kenako ubwere umboni. Kenako, ndipo apa ndi pamene ambiri amadumpha, mufotokoze mmene umboniwo ukuchirikizira mbali yanu. Chiwerengero sichidzilankhulira chokha.

Tiyerekeze kuti mukutsutsa zoti boma lichotseretu fizi m'sukulu zonse mwakamodzi lisanakonzeke. Mfundo yanu ndi yoti kutsegula zitseko popanda aphunzitsi ndi zipinda zokwanira kumatsitsa maphunziro. Umboni ndi wa 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere ndipo chiwerengero cha ana chinachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni m'kanthawi kochepa, boma n'kulemba ntchito aphunzitsi ambiri osaphunzitsidwa, ana ena n'kumaphunzirira pansi pa mitengo. Mukasiyira pamenepa, wotsutsana nanu adzatenga chiwerengero chomwechi n'kunena kuti, "Mwaona? Ana miliyoni amene anali pakhomo analowa sukulu." Ndipo adzakhala akunena zoona. Ndiye inu muyenera kupitiriza: musonyeze kuti kulembetsa sukulu n'kosiyana ndi kuphunzira, mubweretse umboni wa kuchuluka kwa ana pa mphunzitsi mmodzi kapena wa ana osiyira panjira, ndipo munene chimene zimenezi zikutiphunzitsa pa funso la lero. Kufotokoza kumeneku ndiko kumasonyeza nzeru zanu, ndipo malikisi ambiri amagona pamenepo.

Sanjani mfundo mwadala. Ena amayamba ndi yamphamvu kwambiri, ena amaisungira kumapeto. Chachikulu n'choti ndime iliyonse igwirane ndi inzake. Ngati mungasinthanitse ndime zanu popanda chosokonekera, ndiye kuti mwangondandalika katundu ngati pa okala, simunamange mtsutso.

Ndilemberenji mfundo za otsutsa? Sindidzigwetsa ndekha?

Simudzigwetsa. Wowerenga wochenjera mfundo zotsutsazo ali nazo kale m'mutu. Mukazibisa, amaona kuti mwina simukuzidziwa kapena mukuziopa. Mukazitulutsa nokha n'kuziyankha, amayamba kukukhulupirirani.

Koma muzitulutse mwachilungamo. Tibwerere ku chitsanzo cha chilankhulo chija. Kulemba kuti "amene amafuna Chingerezi ndi anthu onyoza chikhalidwe chawo" n'kumenya chidole chimene mwaumba nokha. Mayi wogulitsa tomato ku Mpondabwino amene amadzimana kuti mwana wake apite ku sukulu yolipira ya Chingerezi sakunyoza chikhalidwe. Akudziwa kuti mayeso a Sitandade 8 ndi a Fomu 4 pafupifupi onse amalembedwa m'Chingerezi, kuti wolephera Chingerezi satifiketi ya MSCE saiona, ndiponso kuti ntchito za m'maofesi zimafuna chilankhulo chimenecho. Palinso funso lina lovuta: m'kalasi momwe muli ana olankhula Chiyao, Chilomwe ndi Chichewa, "chilankhulo cha kunyumba" ndi chiti? Nanga mabuku a zilankhulo zonsezo alipira ndani? Izi ndizo mfundo zenizeni za otsutsa, ndipo muzilembe mwakuti mwini wake atawerenga anene kuti, "Eya, ndimatanthauza zomwezo."

Mukatero muli ndi njira zitatu. Mukhoza kusonyeza kuti mfundoyo ndi yolakwika, ndi umboni. Mukhoza kuvomera kuti ndi yoona koma siikugwetsa mbali yanu, monga kunena kuti mwana amene wadziwa kuwerenga m'chilankhulo chake amakhala ndi poyambira pophunzira Chingerezi, ndiye cholinga cha mayi uja sichikutayika. Kapena mukhoza kuvomera kuti pamenepo otsutsa apambana, n'kuchepetsa zimene mukunena kuti zigwirizane ndi choonadi. Kuvomera pamene pafunika kuvomera si kufooka. Ndime imodzi kapena ziwiri zimakwana, nthawi zambiri mathero asanafike, ngakhale ena amayankha otsutsa mkati mwa ndime iliyonse.

Ndi zolakwika ziti za kaganizidwe zimene zimapezeka kwambiri?

Chimene ndimakumana nacho kwambiri ndi kupereka chifukwa chimodzi pa vuto la zifukwa zambiri. Wophunzira amalemba kuti nsomba zachepa m'nyanja ya Chilwa chifukwa cha asodzi ogwiritsa ntchito maneti a udzudzu, basi. Koma nyanjayi ndi yosazama, ilibe mtsinje wotulukamo, imadalira mitsinje monga Likangala, Domasi ndi Phalombe, ndipo inaphwerapo kangapo, monga mu 1968 ndi mu 1995. Wolemba amene sanatchule mvula, kudula mitengo kumtunda ndi dothi lokokolokera m'mitsinje wangoona mbali imodzi ya nkhani.

China ndi kuganiza kuti chifukwa chinthu ichi chinatsatira icho, ndiye kuti icho ndicho chinachititsa. Zokolola zikakwera chaka chimene feteleza wotsika mtengo wagawidwa, funsaninso kuti mvula inagwa bwanji chaka chimenecho. Palinso kunyoza munthu m'malo moyankha mfundo yake, kunena kuti "aliyense akudziwa" pamene mulibe umboni, ndi kuopseza kuti tikalola kanthu kakang'ono dziko lonse ligwa. Mawu oti "onse", "nthawi zonse" ndi "palibe" muziwaopa. Chitsanzo chimodzi chotsutsa chimakwana kuwagwetsa.

Kodi ndingalembe kuti "ine ndikuganiza"?

Zimatengera dipatimenti ndi alekichala, ndiye funsani. Ena amalola "I argue that", ena amafuna "this essay argues that". Chimene chilibe phindu ndi kuyamba chiganizo chilichonse ndi "ndikuganiza" kapena "ndikumva ngati". Dzina lanu lili kale pachikuto, tikudziwa kuti maganizowo ndi anu. Nenani mfundoyo, mupereke chifukwa.

Chingerezi changa n'chofooka. Ndingachite bwanji kuti chimangirizo chimveke cha ku yunivesite?

Musasake mawu akuluakulu. Ndaonapo mapepala odzaza ndi mawu ochititsa mantha koma ukafufuza mfundo mulibe, chikomekome cha mkuyu. Chiganizo chachifupi cholondola chimaposa chachitali chosokonekera, ndipo wochonga amakondwa akamva msanga chimene mukunena.

Kukambirana mfundo zanu m'Chichewa ndi anzanu ku hositelo kapena ku Chikanda si kulakwa. Ngati simungathe kufotokozera mlongo wanu wa Fomu 3 mbali yanu m'Chichewa, m'Chingerezi simudzathanso. Koma pofika polemba musamasulire liwu ndi liwu, chifukwa Chichewa chimalola kuzungulira ndi kubwereza mwaulemu, pamene chimangirizo cha m'Chingerezi chimafuna mfundo ibwere patsogolo. Sungani kabuku kolembamo mawu olumikizira mfundo amene mumawapeza powerenga akatswiri a phunziro lanu, muone mmene amavomerera, mmene amatsutsira ndi mmene amachepetsera zonena zawo. Amene mukulemba m'Chichewa m'maphunziro a zilankhulo za mu Africa, tsatirani malamulo a kalembedwe ka Chichewa, ndipo musasakanize Chingerezi pamene liwu la Chichewa lilipo.

Kukopera kumayambira pati? Nanga ndikasintha mawu okha?

Kumayambira pomwe mwatenga mawu kapena ganizo la munthu wina osanena kuti ndi lake. Kusintha mawu awiri atatu m'chiganizo cha mwini wake ndi kukoperabe. Mukatenga mawu ake enieni, aikeni m'mitengero n'kutchula mlembi, chaka ndi tsamba. Mukafotokoza ganizo lake m'mawu anu, tsekani bukulo, lembani mmene mwamvera, kenako mutchulebe mwini wake. Kalembedwe ka magwero kamasiyana, ena amafuna APA, ena Harvard, azamalamulo ali ndi kawo. Tsatirani kamene mwauzidwa ndipo musasinthesinthe mkati mwa pepala limodzi.

Lembani tsatanetsatane wa gwero nthawi yomwe mukuwerengayo. Palibe chowawa ngati kufunafuna usiku wa tsiku lomaliza buku limene munabweza ku laibulale sabata yatha, mutaiwala ndi dzina la mlembi lomwe.

Kulembetsa asayimenti kwa munthu wina, kukonzanso ya mnzanu wa chaka chatha, kapena kupereka zimene ChatGPT yakulemberani ngati zanu, zonsezi ndi mlandu umodzi, ndipo chilango chake chimatha kufika pa kulephera kosi kapena kuchotsedwa sukulu. Mapulogalamu oterewa amathanso kupeka mabuku ndi ziwerengero zimene kulibe. Funsani zimene sukulu yanu imalola, ndipo gwero lililonse mulione ndi maso anu musanalitchule. Chimene chimandimvetsa chisoni kwambiri si chilangocho. Makolo akugulitsa mbuzi ndi nandolo kuti mwana akaphunzire kuganiza, mwanayo n'kukapereka ntchito yoganizayo kwa wina.

Mathero ndilembemo chiyani?

Bwerezani mbali yanu m'mawu atsopano, tsopano mutaipima ndi umboni komanso ndi mfundo za otsutsa. Kenako nenani chimene chikutsatirapo: ngati mukunena zoona, ndani ayenera kuchita chiyani, kapena ndi funso liti limene latsala. Musabweretse mfundo yatsopano kapena umboni watsopano, malo ake anali m'thunthu. Musapepesenso kuti "awa ndi maganizo anga chabe". Mwakhala masamba asanu mukuwateteza. Ndipo yerekezani mathero ndi chiganizo cha maziko chimene takamba pamwambapa. Ngati zikunena zosiyana, chimodzi mwa ziwirizo chikufunika kukonzedwa.

Mutu umene tapatsidwa ukukhudza ndale, mitundu kapena chipembedzo. Ndilembe bwanji osakhumudwitsa anthu?

Mitu monga chilango cha imfa, kasankhidwe ka ophunzira opita ku yunivesite potengera maboma, kuchotsa pakati, kapena mphamvu za mafumu imatenthetsa mitima, ndipo m'kalasi mwanu muli anthu a mbali zonse. Musaithawe chifukwa cha zimenezo. Limbanani ndi mfundo, anthu muwasiye. Musanene kuti "anthu a chigawo chakuti ndi otere". Siyanitsani mafunso atatu amene amakonda kusakanikirana: lamulo likuti chiyani, zimene zikuchitikadi n'zotani, ndipo choyenera n'chiti. Pa ukwati wa ana, mwachitsanzo, lamulo la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nalo. Limenelo ndi funso loyamba. Kuti m'midzi atsikana akukwatiwabe ali aang'ono ndi lachiwiri, ndipo likufuna ziwerengero. Kuti njira yabwino ndi kumanga makolo kapena kuchepetsa umphawi ndi lachitatu, ndipo pamenepo ndi pamene mtsutso wanu uli. Zimene tanena pa funso la mfundo za otsutsa zikugwira ntchito kwambiri pano.

Kwatsala masiku atatu ndipo sindinayambe. Nditani?

Tsiku loyamba werengani funso, sankhani magwero anayi kapena asanu abwino, lembani manotsi pamodzi ndi masamba ake, ndipo musagone musanalembe chiganizo cha maziko ndi mitu ya ndime. Tsiku lachiwiri lembani thunthu lonse osaima n'kumakonza galamala, chiyambi ndi mathero muzilembe pomaliza. Usiku umenewo lisiyeni pepalalo ligone.

Tsiku lachitatu werengani chiganizo choyamba cha ndime iliyonse motsatizana. Ngati zokhazo zikufotokoza mtsutso wanu kuyambira poyamba mpaka pomaliza, nyumba yaima. Ndime imene siikuthandiza mbali yanu ichotseni, ngakhale munaivutikira. Kenako werengani mokweza, pakuti khutu limagwira zimene diso ladumpha, ndipo mupatse mnzanu amene sagwirizana nanu kuti akuuzeni pamene sanakhutire. Onani chiwerengero cha mawu, maina a alembi, zaka, ndi nambala yanu yolembetsera pachikuto. Dzitumizireni fayiloyo pa imelo kuopa laputopu kapena fulashi ingakukhumudwitseni, ndipo ngati akufuna pepala losindikiza, kasindikizeni madzulo a tsiku limenelo, chifukwa m'mawa wa tsiku lopereka mzere pa malo osindikizira umakhala wautali ndipo magetsi akhoza kuzima.